Amos Alonzo Stagg: Mphunzitsi wa pa Bwalo la Mpira

Aliyense amene adayenderapo ophunzira a zauphunzitsi pa nthawi yawo yoyeserera ntchito m'sukulu za m'tsinde mwa phiri la Michesi, kapena za m'chigwa cha Phalombe kulowera ku Migowi ndi ku Chiringa, adaona zimene ife taziona kawirikawiri. Nthawi ya masewera olimbitsa thupi ikakwana, mphunzitsi amatulutsa mpira, ngati ulipo, nkuuponya pakati pa ana, iye mwini nkukakhala pansi pa mtengo wa mango kumachonga makope a masamu. Anyamata amsinkhu amalimbirana mpirawo, ang'onoang'ono amaima m'mbali kuonerera, atsikana amatumidwa kukatunga madzi. Belu likalira onse amalowa m'kalasi ali fumbi lokhalokha, ndipo m'buku la mphunzitsi mumalembedwa kuti phunziro lachitika. Sitikunena izi monyoza munthu ai. Ifenso pamene tinkayamba ntchito tinkachita chimodzimodzi, chifukwa tinkayesa kuti kuphunzitsa kumathera pakhomo la kalasi, ndi kuti pa bwalo ana amangopuma.

Munthu amene tikusimba za moyo wake m'kope lino adatsutsa maganizo amenewa kwa zaka pafupifupi 70. Sadawatsutse ndi pakamwa, pakuti kulankhula pagulu kunkamuvuta, koma ndi ntchito. Dzina lake ndi Amos Alonzo Stagg, wa ku America. Tiyambe tachenjeza owerenga kuti mpira umene iye ankasewera ndi kuphunzitsa si wathu uno wamiyendo. Ndi mpira wa ku America, mphukira ya rugby. Mpira wake ngwotalika ngati papaya. Osewera amakhala 11 mbali iliyonse, ndipo amaunyamula m'manja nkumathamanga nawo kuti adutse mzere wa timu inayo, pamene enawo amaloledwa kumgwira wonyamula mpirayo ndi kumgwetsa pansi. Masewerawa adakulira m'makoleji, kuyambira pa mpikisano wa Rutgers ndi Princeton mu 1869. Kwathu kuno sitiusewera, ndipo sitikunena kuti tiuyambe. Chimene tikufuna kwa Stagg ndi uphunzitsi wake, pamodzi ndi zolakwa zake zomwe, pakuti zolakwazo nzodziwika bwino m'sukulu zathu.

Stagg adabadwa pa 16 Ogasiti 1862 ku West Orange, m'chigawo cha New Jersey. Chaka chimenecho nkhondo yapachiweniweni idali mkati ku America, ndipo kuno kwathu amishoni oyamba amene adamanga ku Magomero adali atangotaya mtsogoleri wawo, Bishopu Mackenzie. Bambo wake adali mmphawi wosoka nsapato, wa ana 8. Mnyamatayo adadziphunzitsa yekha ndi maganyu, ndipo pa chaka chimene adakhala ku Phillips Exeter Academy pokonzekera maphunziro apamwamba, ankagona m'kachipinda kozizira ka kudenga, chakudya chake chili mabisiketi ouma ndi mkaka. Adalowa Yunivesite ya Yale mu 1884 ali ndi zaka 22, msinkhu umene anzake ambiri amakhala akutuluka. Cholinga chake chidali ubusa.

Ku Yale adayamba kutchuka ndi masewera ena otchedwa baseball, mmene munthu mmodzi amaponya kampira kolimba ndipo wina amayesa kukamenya ndi chibonga. Stagg adali woponya, ndipo ankaponya bwino kotero kuti matimu angapo olipira osewera adamufuna ndi ndalama zambiri. Mwana wa wosoka nsapato uja, amene njala ankaidziwa bwino, adakana. Ankakhulupirira kuti masewera akasanduka malonda amataya mphamvu yake yolera munthu, komanso sadakondwe ndi mowa ndi juga zimene zidazinga baseball ya malipiro masiku amenewo. Maganizo amenewa adafa nawo. Ife sitigwirizana naye kwathunthu, pakuti munthu amene luso lake lili m'miyendo ayenera kudya za miyendo yake monga mmisiri adyera za manja ake. Koma tiyenera kuvomera kuti iye adayamba wadzimana yekha asanauze ena kuti adzimane.

Pa mpira adali m'timu ya Yale ya 1888, imene inkaphunzitsidwa ndi Walter Camp, munthu amene adakonza malamulo ambiri osiyanitsa mpira wa ku America ndi rugby. Timu imeneyo idasewera ka 13, nipambana konse, ndipo palibe timu ina imene idapeza ngakhale pointi imodzi pa iyo, pamene iyo idasonkhanitsa mapointi pafupifupi 700. Mu 1889, pamene kwa nthawi yoyamba adasankha osewera 11 opambana m'makoleji onse a dzikolo, dzina la Stagg lidalipo.

Tsono apa mpamene moyo wake udakhota. Atatsiriza digiri yake mu 1888 adapitiriza maphunziro a zaubusa, koma adazindikira chinthu chowawa: akaima kutsogolo kwa anthu mawu ankamuthawa. Mbusa wosatha kulalikira ali ngati mlimi wopanda khasu. Sadakakamire. Adaona kuti anyamata omwewo amene sakadamumvera ali paguwa ankamumvera ali nawo pa bwalo, ndipo adatsimikiza kuti ntchito imene ankafuna kuigwira m'tchalitchi, yoongola achinyamata, adzaigwira ndi mpira. Mfundo imeneyi tikufuna ophunzira athu aigwiritse. Chaka ndi chaka timalandira achinyamata ena amanyazi, amene kutsogolo kwa bolodi amanjenjemera ndi kuchita chibwibwi, ndipo timafulumira kuwalembera kuti uphunzitsi sadzautha. Koma tawaonapo ena mwa iwo atatuluka ndi ana panja: mawu amamveka, ana amafola msanga, phunziro limayenda. Woyendera sukulu amene amangokhala kumbuyo kwa kalasi, osawatsata ku bwalo, amaona theka la mphunzitsi.

Mu 1890 Stagg adapita ku sukulu ya bungwe la YMCA ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, imene inkaphunzitsa alangizi a achinyamata ndi a masewera olimbitsa thupi. Ophunzira adali ochepa kwambiri, komabe iye adapanga timu ya mpira imene inkalimbana ndi makoleji aakulu. Mmodzi wa osewera ake adali James Naismith wa ku Canada, yemwe mu Disembala 1891 adayambitsa basketball pofuna kupezera ophunzira chochita m'nyumba nthawi ya chisanu. Pa 11 Malichi 1892, pamene masewera atsopanowo adaonetsedwa kwa anthu koyamba, aphunzitsi adasewera ndi ophunzira, nagonja 5 kwa 1. Chigoli chimodzi cha aphunzitsicho adachinya ndi Stagg. Tipatuke pang'ono: masewera a Naismith adawoloka nyanja m'zaka zomwezo nafika ku koleji ya Martina Bergman-Österberg ku England, imene inkaphunzitsa atsikana kukhala aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi. Kumeneko adawasintha pang'onopang'ono, ndipo malamulo ake atasindikizidwa mu 1901, adasanduka mpira wamanja, ntchemberembaye yathu yomwe ija. Kotero mtsikana wa ku Phalombe akamaponyera mpira m'chingelengele chokhomedwa pa mlongoti wa bulugamu, akusewera masewera amene adaleredwa m'makoleji a aphunzitsi.

Mphunzitsi wake wina wa ku Yale, William Rainey Harper, adasankhidwa kukhala mkulu woyamba wa Yunivesite ya Chicago, imene inkamangidwa ndi chuma cha John D. Rockefeller. Harper adamuitana Stagg. Stagg mwini adasimba m'buku la moyo wake la 1927 kuti Harper adayamba watchula malipiro a madola 1,500 pa chaka. Iye, monga mwa chibadwa chake, adangokhala chete kuganiza, ndipo Harper, poyesa kuti akukana, adakweza kufika 2,000, kenaka 2,500 pamodzi ndi udindo wa upulofesa. Chachikulu apa si ndalama koma udindowo. Masiku amenewo matimu a m'makoleji ankayendetsedwa ndi ophunzira okha, ndipo wowaphunzitsa mpira adali ngati waganyu wa nyengo imodzi. Stagg adalowa ntchito mu 1892 monga mmodzi wa aphunzitsi a yunivesite, mkulu wa nthambi ya masewera olimbitsa thupi, wokhala pa misonkhano pamodzi ndi aphunzitsi a Chigriki ndi a sayansi. Chaka choyambacho ophunzira odziwa mpira adali ochepa kotero kuti iye mwini adavala yunifomu nasewera nawo. Kuti tione kutalika kwa nthawi: linga la Fort Lister, pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, lidamangidwa chaka chotsatira, mu 1893. Lingalo lidasiyidwa kalekale nkusanduka bwinja Stagg akadali pa ntchito yomweyo.

Ku Chicago adakhalako nyengo 41, mpaka 1932. Timu yake idapambana mpikisano wa mayunivesite aakulu a chigawo chimenecho ka 7, mu 1899, 1905, 1907, 1908, 1913, 1922 ndi 1924. Ankaphunzitsanso baseball ndi liwiro, ndipo adali mmodzi wa aphunzitsi a othamanga a dziko lake pa masewera a Olympic a ku Paris mu 1924. Koma ziwerengerozi tizidutse msanga. Chofunika kwa ife ndi mmene ankaphunzitsira.

Stagg ankaona masewera ngati phunziro loti nkuligawa m'magawo, monga timagawira kuwerenga m'malembo, maphatikizo ndi mawu. Kugwetsa munthu wothamanga ndi luso loopsa. Ukaliphunzira pa mnzako, wina athyoka. Iye akadali ku Yale adakulunga matiresi nkuwapachika ndi chingwe kuti anyamata aziyeserera pamenepo, mobwerezabwereza, mpaka phewa ndi mikono zitazolowera. Chida chimenechi chidafala m'matimu onse. Taonani kuti sichidachokere kusitolo: adachipanga ndi chimene chidalipo. Mphunzitsi wa kwathu amene amati sangaphunzitse masewera chifukwa boma silidatumize zipangizo aganizire bwino. Mpira wachikulunga umene ana amamanga ndi mapepala apulasitiki ndi luzi ngwokwanira kuphunzitsira kupatsirana, ndipo ubwino wake ngwakuti ana 60 atha kukhala ndi mipira 15, aliyense nkuukhudza kambirimbiri, pamene mpira umodzi wachikopa umakhudzidwa ndi amphamvu okhaokha. Zitsononkho za chimanga zimakhala malire, phulusa limalemba mizere, matumba odzaza mankhusu amakhala polumphira.

Chachiwiri, ankalemba. Mu 1893 iye ndi mnzake Henry L. Williams adasindikiza buku lophunzitsa mpira m'sukulu ndi m'makoleji, lokhala ndi zithunzi zosonyeza pamene wosewera aliyense ayenera kuima ndi kumene ayenera kuthamangira. Chimenechi ndi chikonzero cha phunziro, monga chimene timauza ophunzira athu kuti alembe asanalowe m'kalasi. Njira zambiri za kaseweredwe ka mpira wa ku America zimatchulidwa pa dzina lake, zina zimalimbiranidwa ndi aphunzitsi ena a nthawi yake. Koma palibe amene amakana kuti iye sankapita ku bwalo asanadziwe chimene akukaphunzitsa tsiku limenelo. Pa ntchito yolembayi adali ndi mthandizi. Mu 1894 adakwatira Stella Robertson, amene adali wophunzira pa Chicago pomwepo, ndipo mayiyu kwa zaka zambirimbiri ankakhala pakati pa oonerera ndi pensulo, kulemba mmene masewera akuyendera, ndi kupita kukaona matimu ena kuti mwamuna wake adziwe mphamvu ndi zofooka zawo. Kuyesa ana ndi kusunga mbiri ya mmene akuchitira sikuli kwa masamu ndi Chingerezi kokha. Mphunzitsi amene ali ndi kope losonyeza kuti mwana wakutiwakuti mu Janyuwale ankalumpha pakuti ndipo mu Julayi akulumpha pakuti, ali ndi chomuuza mwanayo ndi makolo ake.

Chachitatu chidali khalidwe lake. Sankamwa mowa, sankasuta fodya, sankatukwana, ndipo osewera ake ankawaletsa zomwezo. Mawu ake aukali kwambiri akapsa mtima adali kumutcha mnyamata bulu, ndipo anyamatawo ankasekerera kuti palibe amene adatsiriza maphunziro asadatchedwepo bulu. Osewera ake ambiri adasanduka aphunzitsi a mpira m'makoleji ena, natenga njira zake kunka nazo kutali. Ana ake aamuna awiri, Amos ndi Paul, adatsatanso ntchito yomweyo.

Chaka cha 1905 chidali cha ulemerero ndi cha maliro. Mpira wa nthawi imeneyo udali wankhanza: osewera ankaunjikana nkumagunda munthu mmodzi monga ng'ombe zolimbirana pa chipata cha khola, opanda zodzitetezera zokwanira. M'chaka chimenecho achinyamata osachepera 18 adafa ndi mpira, ambiri mwa iwo ana a sukulu. Pulezidenti Theodore Roosevelt adaitanitsa akuluakulu a mpira a ku Harvard, Yale ndi Princeton, ndipo makoleji ena adauletseratu. Mu 1906 malamulo adasinthidwa kuti osewera amwazikane pa bwalo, ndipo kuponya mpira kutsogolo kudaloledwa. Stagg adali m'komiti ya malamulo kwa zaka zambiri, ndipo adali mmodzi wa oyamba kugwiritsa ntchito bwino kuponyako. Malamulo a masewera sadatsike kumwamba. Amapangidwa ndi anthu, ndipo amasinthidwa akayamba kupweteka ana. Mphunzitsi wa Sitandade 3 ali ndi ufulu wochepetsa bwalo, wofupikitsa nthawi, ndi woletsa mnyamata wa zaka 15 kusewera pamodzi ndi tiana ta zaka 8.

Pa 30 Novembala chaka chomwecho Chicago idakumana ndi Michigan, timu ya Fielding Yost, imene idali itasewera ka 56 osagonjapo. Masewera adali pafupi kutha popanda wopeza kanthu, pamene wosewera wa Michigan, Denny Clark, adawakha mpira kuseri kwa mzere wa timu yake nayesa kuthawa nawo. Adagwidwa nkukankhidwiranso kuseri kwa mzerewo, zimene mwa malamulo zimapatsa timu inayo mapointi 2. Chicago idapambana 2 kwa 0, nitengedwa kuti ndiyo yopambana m'dziko lonse. Nyuzipepala zidasenzetsa mnyamatayo mlandu wonse. Clark adachoka pa yunivesite, manyaziwo adakhala nawo moyo wake wonse, ndipo mu 1932 adadzipha. Nkhani imeneyi si ya Stagg kwenikweni, koma sitingaidumphe. Tonse tidaonapo goloboyi wa zaka 12 akulira kuseri kwa chimbudzi, sukulu yonse ikumuwowoza chifukwa mpira wamupita pakati pa miyendo, mphunzitsi wake ali patsogolo pa owowozawo.

Tsono tifike pa mbali imene oyamika Stagg sakonda kuikamba. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Harper ankafuna timu yopambana chifukwa inkalengeza dzina la yunivesite yatsopanoyo ndi kubweretsa ndalama za pachipata, ndipo Stagg, ngakhale ankadana ndi kulipira osewera, adagwira nawo ntchito yosandutsa mpira wa m'makoleji kukhala malonda aakulu. Mipikisano ya liwiro ndi ya basketball imene ankakonzera sukulu za sekondale inkathandiza achinyamata, inde, komanso inkamupatsa mpata woona aluso ndi kuwakopa kuti abwere ku Chicago. Wolemba mbiri Robin Lester, m'buku lake la 1995 lofotokoza za mpira pa yunivesiteyi, adafufuza m'makalata ndi m'mabuku a mayeso, napeza kuti osewera ena ankasungidwa m'timu maphunziro awo ali pansi. Chitsanzo chachikulu ndi Walter Eckersall, katswiri wa timu ya 1905, amene adasankhidwa kukhala mmodzi wa opambana m'dziko zaka zitatu zotsatizana. M'kalasi ankaonekamo patalipatali, ndipo adali asanakwanitse ngakhale theka la maphunziro ofunika pa digiri. Komabe njira inkapezeka yoti asewere. Atangosewera mpira wake wotsiriza mu 1906, yunivesite idamutsekera chitseko. Adakhala mtolankhani wa zamasewera ndi woyimbira mpira, namwalira mu 1930 asanafike zaka 50, wopanda digiri. Stagg sakadalephera kudziwa zimene zinkachitika.

Kodi izi nzachilendo kwa ife? Tikudziwa za mnyamata wamtali amene amabwereza Sitandade 7 kachitatu, amene dzina lake limaoneka m'kaundula nyengo ya mipikisano ya sukulu ikayandikira, nkusowanso ikatha. Tikudziwa za zaka zobadwa zimene zimachepetsedwa pa pepala, ndi za mlendo wa kumudzi amene amavekedwa yunifomu ya sukulu Loweruka lokha. Mphunzitsi amene amachita zimenezi nthawi zambiri si munthu woipa; amakonda sukulu yake, ndipo mphunzitsi wamkulu ndi mudzi wonse akufuna chikho. Koma ana amaona. Tsiku limenelo amaphunzira kuti bodza nlololedwa ngati likupindulitsa gulu, ndipo phunziro limeneli limakhazikika kuposa lija la m'kalasi lonena za kukhulupirika. Mnyamata wamtali uja chikho chikabwera amaimbiridwa nyimbo, koma pofika zaka 20 satha kulemba kalata. Ngati Stagg, munthu wopemphera ndi wodziletsa, adagwa m'mbuna imeneyi, ife tisadziyese otetezeka. Nchifukwa chake poyendera ophunzira athu tidayamba kupempha kuona mndandanda wa timu pamodzi ndi kaundula wa kalasi, ndi kufunsa za mwana aliyense wa m'timuyo kuti masiku ena onse amakhala kuti ndipo akuwerenga bwanji.

Pambuyo pa 1924 nyenyezi ya Chicago idayamba kuzilala. Mayunivesite a boma oyandikana nayo adakula namanga mabwalo aakulu, pamene Chicago idakhwimitsa maphunziro ake, ndipo anyamata aluso adayamba kupita kwina. Mu 1929 kudabwera mkulu watsopano, Robert Maynard Hutchins, wa zaka 30 zokha, amene ankaona kuti mpira wa mtundu umenewu ndi maphunziro enieni sizingakhale m'nyumba imodzi. Stagg atakwanitsa zaka 70 mu 1932 adauzidwa kuti malinga ndi lamulo apume, ndipo adamulonjeza udindo wina waulemu wopanda timu. Adakana, popeza sankafuna kulandira malipiro osagwira ntchito imene ankaidziwa. Yunivesite idapitiriza mpira kwa zaka zowerengeka, ikugonja momvetsa chisoni, mpaka Michigan idaikwapula 85 kwa 0 mu 1939. Kumapeto kwa chaka chimenecho Hutchins adauthetseratu. Ndani adalondola pakati pa awiriwa? Ife tikuganiza kuti Hutchins adaona bwino nthendayo, koma mankhwala ake adali kudula mwendo. Yunivesite yomweyo idabwezeretsa mpira mu 1969, koma wa mtundu wina, wa ophunzira enieni osewerera kukonda, umene uli pafupi ndi zimene Stagg ankalalikira kusiyana ndi zimene iye mwini ankachita pa masiku ake a ulemerero.

Bwalo limene lidatchedwa dzina lake, Stagg Field, lidatsala lopanda ntchito. Pansi pa mipando ya oonerera ya mbali ya kumadzulo, akatswiri a sayansi otsogozedwa ndi Enrico Fermi adamanga mulu wa graphite ndi uranium, ndipo pa 2 Disembala 1942 adakhoza kwa nthawi yoyamba kuyatsa ndi kulamulira mphamvu ya nyukiliya, ntchito imene idatsegula njira ya bomba la atomiki. Pambuyo pake bwalolo lidagwetsedwa, ndipo pamalopo padamangidwa nyumba ya mabuku ya Regenstein.

Mkuluyo adanyamuka ndi mkazi wake kupita ku Stockton, m'chigawo cha California, kukaphunzitsa pa koleji yaing'ono yotchedwa College of the Pacific, kuyambira 1933. Kwa ife gawo limeneli la moyo wake ndilo lokoma koposa, chifukwa kunalibe khamu la oonerera kapena chuma cha Rockefeller, koma ntchito adaigwira ndi mtima womwewo. Mu 1938 adabwerera ku Chicago ndi timu yake yaing'onoyo nagonjetsa sukulu yake yakale 32 kwa 0. Mu 1943, nkhondo ili mkati, kolejiyo idalandira achinyamata ophunzira usilikali wa pamadzi, ena mwa iwo akatswiri a mpira, ndipo timu idapambana ka 7 mwa masewera 9. Aphunzitsi anzake m'dziko lonse adamusankha kukhala mphunzitsi wopambana wa chaka chimenecho, ali ndi zaka 81. Mu 1946 nakonso adamupempha kuti apume, ndipo adakananso. Adapita ku Susquehanna, m'chigawo cha Pennsylvania, kukathandizana ndi mwana wake Amos kuyambira 1947 mpaka 1952, ndipo timu yawo ya 1951 sidagonjepo. Mkazi wake atayamba kudwaladwala adabwerera ku Stockton, kumene ankathandizabe pa koleji ina yaing'ono kuphunzitsa anyamata kumenya mpira ndi phazi, mpaka atapitirira zaka 95.

Mabuku a mbiri ya mpira amamuwerengera masewera 314 opambana, 199 ogonja ndi 35 ofanana mphamvu. A ku Susquehanna sadawerengedwe, chifukwa pa pepala mphunzitsi wa timuyo adali mwana wake. Chiwerengero cha 314 chidapitiriridwa ndi Paul Bryant wa ku Alabama mu 1981. Mu 1951 adalembedwa m'nyumba ya chikumbutso cha akatswiri a mpira wa m'makoleji kawiri, monga wosewera ndi monga mphunzitsi, ndipo mu 1959 adali m'gulu loyamba lolembedwa m'nyumba yotero ya basketball. Mpikisano wotsiriza wa makoleji ang'onoang'ono, amene sapereka thandizo la fizi chifukwa cha mpira, udatchedwa dzina lake.

Stella adamwalira mu 1964, atakhala m'banja zaka pafupifupi 70. Stagg adamutsatira pa 17 Malichi 1965 ku Stockton komweko, ali ndi zaka 102, Malawi asanakwanitse chaka chimodzi chilandirire ufulu wodzilamulira.